Mawondo Akuda a Achimwene

Oyamba kudandaula za mawondo anali adzukulu, pomwe ankasambitsa thupi la achimwene anga a Clement. Ine anangondiitana kuti ndibweretse suti. Nditalowa ndinapeza mkulu wina atagwira chinkhupule m'manja, akupukusa mutu.

"Iwe Elliot, akulu akowa ankagwira ntchito ya magetsi kapena ankaotcha makala?"

Mawondo onse awiri anali bii, zakudazo zitalowerera m'makwinya a khungu. Anakwecha ndi sopo, zinangochoka pang'ono. Tinawaveka thalauza, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinaona ndithu, koma maso a munthu wolira amangoona, safunsa.

Achimwene anamwalira Lachiwiri masana, mu Okutobala wa 1995, m'kanyumba ka pampu pa loji ina ku Senga Bay komwe ankagwira ntchito ya zamagetsi. Anawapeza atagwada, dzanja litakakamira pa waya. Aliyense pa lojipo ankadziwa kuti iwo sankakhudza waya wamoyo asanagwade pa chubu chawo, chubu cha lole chomwe anaching'amba n'kuchiyala pansi, chokhala ndi chigamba chofiira pakona. Chinkakhala m'kanyumbamo chaka chonse. Apolisi anafika titaika kale maliro, akuti galimoto inalibe mafuta, ndipo atatsekula chitseko chubucho munalibe. Anati wina anachichotsa dala. Anagwira a Mose, mlonda wosunga makiyi.

Dzinalo silinadabwitse munthu. Nthawi ya chipani chimodzi a Mose anali m'gulu la anyamata oima pa chipata cha msika kufunsa makadi, ndipo chaka cha referendamu anawathyola dzino achimwene chifukwa choimika zala ziwiri. Atangogwidwa, anthu anakagenda nyumba yawo. Akazi awo anathawira ku Lifuwu ndi ana, mbale zili pamutu. Ine nditamva zimenezo mtima wanga unapumako pang'ono. Munthu ukaferedwa umafuna nkhope yoti uzidana nayo, ndipo a Mose nkhope yawo inali yokonzeka kale.

* * *

A Sajeni Kamtedza ndinawapeza atavula nsapato pansi pa tebulo, akudzikupiza ndi chipewa.

"Ndiwe mng'ono wake wa malemu? Wa ku koleji uja?"

"Ndinasiya, bwana. Amayi anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha, ndiye ndinabwerera."

"Pepa, mphwanga. Koma nkhani yanuyi ili poyera ngati mphuno. Kiyi amasunga ndani? Mose. Chidani anali nacho ndani? Mose. Kungoti masiku ano ndi a demokalase, munthu sumukhudza n'chala. Kale bwenzi ataulula tiyi asanazizire. Lolemba akupita ku Lilongwe, akadikire jaji kumeneko. Mlandu wakupha ulibe belo, akhoza kumera imvi dzina lake lisanaitanidwe."

Ndinapempha kuti ndiwaone. Ndinkafuna kuona nkhope ija ili kuseri kwa zitsulo.

A Mose anali atakhala pansi, atatambalala, mlomo utatupa. Chimunthu chija chinkaopseza msika wonse chinali chitafwapa ngati thumba lotha ufa.

"Mwabwera kudzandilavulira? Lavulani, muzipita."

"Chubu chili kuti?"

"Funso lomwelo, yankho lomwelo. Zuleka, mayi wochapa uja, atakuwa ndinathamanga. Ndinazimitsa switchi yaikulu. Ndinawakoka. Chinali pansi pa mawondo awo, chakuda, ndinachiponda ndi phazi langali."

"Ndiye chinamera mapiko?"

"Sindikudziwa. Bwana Fletcher, mwini lojiyo, anakiya chitseko tsiku lomwelo, kiyi n'kuika m'thumba mwawo. Ine sindinalowemonso."

"Munawathyola dzino."

"Ndinawathyola. Sindikana." Anayang'ana khoma. "Chipani chitagwa, m'Senga Bay muno munalibe wondiyankha moni. Mukudziwa amene anakandipemphera ulonda kwa bwana Fletcher? Akulu anu omwewo, kawafunseni bwanawo. Akulu anuwo ankanditcha dokotala wa mano. M'mawa uliwonse pa geti: 'Adokotala, mwadzuka bwanji? Lero muzula la ndani?' Ndiphe munthu wotero, ine?"

Ndinatuluka. Nthabwala imeneyo a Mose sakanaipeka. Inali ya achimwene, ndinachita kuimva m'mawu awo enieni.

* * *

A Zuleka, mayi wochapa pa lojipo, ndinawapeza akuyanika mashiti kuseri kwa khitchini. Anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, onyowa.

"Innalillahi, mwanangu. Waonda bwanji! Ukudya iwe?"

"Mayi, inu ndi amene munayamba kuwaona. Chubu chinalipo?"

"Wallahi chinalipo! Ndinawauza apolisiwo, amvekere ndikuikira kumbuyo Mose poti mkazi wake ndi wa kwathu. Ine ndimaswali, ndinamize munthu pa nkhani ya maliro? Mose atamukoka, ndinagwada pomwepo, mutu wa Clement uli pa miyendo yanga, madzi a m'paipi akungotithira. Mpaka chinandionongera chitenje, chubu chakecho."

"Chinaononga bwanji?"

"Kuthimbirira bii! Ndi kafungo kowawasa ngati phala logona. Ndinalibe mtima wochichapa, ndinangochiponya m'dengu. Taima pompo."

Analowa m'chipinda chochapira, n'kutuluka ndi chitenje chofwanyika. Atachitambasula padzuwa, mphemvu zinagwa n'kuthawira m'maluwa.

"Subhanallah!"

Ponse pomwe panali zakuda panali mabowo okhaokha. Kwina konse nsaluyo inali yabwinobwino. A Zuleka analowetsa chala pa bowo lina, n'kundiyang'ana.

"Mwanangu, iwe wapita kusukulu. Mphemvu zinayamba liti kudya matayala?"

Ndinanunkhiza m'mphepete mwa bowolo.

* * *

Fungolo ndinkalidziwa chifukwa mthiko wake ndinkagwira ndine.

Bwana Fletcher, mwini lojiyo, atagula kompyuta ndi wailesi yolankhulirana ndi mabwato, zinthuzo sizinkamvana ndi jenereta. Jenereta ikangolira, wailesi inkathetheka ngati usipa m'mafuta, zilembo pa kompyuta n'kumavina. Achimwene anandiuza kuti makina amagetsi amatulutsa kaphokoso kosaoneka, koyenda mumphepo, ndipo zipangizo zosakhwima zimakamva. Panalinso timoto tija timathetheka ukavula malaya a nayiloni nyengo yotentha. Kamodzi kokha kanapha kachipangizo m'kati mwa kompyutayo. Mankhwala ake ndi kuvindikira makinawo ndi chinthu chodutsa magetsi, kuti chizigwira zonsezo n'kuzitsitsira m'nthaka pa waya. Anayesa malata, koma chinyezi cha kunyanja chinkawadya ndi dzimbiri. Ndiye anaganiza zophika pulasitiki wawowawo.

Tinkaphikira m'chisakasa kuseri kwa nyumba yathu: sitachi wa chinangwa, gilisalini wodzola azimayi uja, viniga pang'ono, makala a mankhusu a mpunga osinja mpaka kusalala, ndi timitima takuda ta m'mabatire akutha. Phalalo likauma linkasanduka chipepala chakuda, chofewa, chopindika. Kuchiona unkati ndi mphira. Koma magetsi ankadutsamo, ndipo ukachitaya kudzala, mvula ndi chiswe zinkachimaliza. Apa mpomwe achimwene ankanyadira kwambiri.

"Majumbowa adzatikwirira m'dziko muno," ankatero, akunyambita chala. "Koma wangayu akatha ntchito amabwerera kumunda komwe anachokera."

Munthu wogwada pa chipepala chimenecho, pansi pali madzi, dzanja lili pa waya, sasiyana ndi wogwada pa chitsulo.

* * *

"Sore, yangimani, sore kwambiri," anatero bwana Fletcher akufunafuna kiyi pa mulu wa makiyi. "Undimvetse, ndinali ndi magesiti, alendo. Anthu a mabungwe, wekishopu ya ufulu wachibadwidwe. Uwazimitsire mafani mu Okutobala? Pampu itayamba kuvuta, Clement mwiniwake anati, 'Bwana musadandaule, ndili ndi chubu changa, ndikonza osazimitsa.'"

"Ndiye munavomera."

"Ankatero nthawi zonse! Sikanali koyamba."

Kanyumbako kanalibe zenera, ndipo babu lake linali litapsa kalekale. Wochokera padzuwa ankalowamo ngati wakhungu. Bwana Fletcher anawalitsa tochi. Madzi anali ataphwa. Patsogolo pa pampu, simenti inali ndi chidindo chakuda cha ngodya zinayi, kukula kwake ngati chubu chija. Mzere wa nyerere unkachokera pamenepo kukalowa mumng'alu wa khoma, iliyonse itasenza kachidutswa kakuda. Pakona panali kansanza kothimbirira komwe nsapato ya wapolisi inakankhira pambali. Nditakatola ndinaona kuti ndi nsalu ya thumba la ufa.

Ndinapala simentiyo ndi chikhadabo, n'kulawa. Kutsekemera kwa gilisalini, ndi mchenga wa makala pa mano.

"Mukutani kodi?"

"A Mose sakunama, bwana. A Zuleka sakunamanso. Chomwe anaona pansi pa mawondo sichinali chubu. Chubu chinachoka achimwene asanalowe, wina n'kuyala pulasitiki wathu uja m'malo mwake. Inu mutakiya, madzi anamusungunula, nyerere n'kumaliza." Mawu anga ankamveka ngati a munthu wina. "Odziwa kuti amadutsa magetsi tinalipo ine, achimwene, ndi inu."

Bwana Fletcher anandiwalitsa tochi kumaso.

"Iwe, samala pakamwa! Ine kuyambira Lamulungu ndinali ku Lilongwe, ndinabwera basi imodzi ndi magesitiwo Lachiwiri m'mawa, kafunse aliyense. Ndiphe munthu amene ankandiyendetsera loji yonse? Tabwera kuno."

Anandikokera ku ofesi. Wailesi inali m'bokosi lake lokutidwa ndi chipepala chakuda, kawaya kakutsikira pansi. Kompyuta chimodzimodzi. Kunja jenereta inkalira, koma wailesiyo inkangopuma mwakachetechete ngati khanda. Ntchito ya achimwene inali ikugwirabe, eni ake ali m'manda.

"Ona. Palibe chachotsedwa. Ndiponso gwira, ndi zopyapyala izi, zilibe nsalu m'kati. Zokhuthala zansaluzo anangondiuza kuti akuziyesa, sindinazionepo n'kamodzi komwe. Pa loji pano sizinafike."

"Ndiye zinali kuti?"

Ndinafunsa funso lomwe yankho lake ndinali nalo. Thumba la ufa lija ndinang'amba ndine.

"Kwanu," anatero bwana Fletcher chapansipansi.

Kwathu tinatsalamo ine, Amayi omwe sankadzuka, alamu anga a Elsie, akazi a malemuwo, ndi kamwana kawo Sharon komwe kanali kakuphunzira kumene kuyenda.

* * *

Sindinalowe m'nyumba. Ndinazungulira ku chisakasa. Zipepala zokhuthala zija zinali pa chingwe momwe tinaziyanikira, koma pakati panali mpata, zopanira zikulendewera zokha.

"Alamu! Ndinu? Dzandithandizeni kutembenuza Amayi, msana wanga wakana."

A Elsie anali ataima pakhomo la chipinda cha Amayi, duku lakuda kumutu, manja atapinda mpaka m'zigongono. Chiyambire matenda aja, ndi iwo ankawasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni, kuwachotsera zonse zomwe ife ana obereka tinkayang'ana kumbali. Ngakhale sabata ya maliro sanaphonye. Ankachoka pa mphasa ya namfedwa, kukawapukuta Amayi, n'kubwerera kudzalira.

Ndinalowetsa manja pansi pa mapewa a Amayi. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Anandiyang'ana ndi diso lawo lamoyo lija.

"Kile... Kile..."

"Ndi Elliot, Amayi," anatero a Elsie mofatsa. "Kwezani pang'ono, alamu, ndikoke shiti."

Anakoka. Pansi pa shitiyo panali chinthu chakuda, chosalala, chonunkha sopo. Pakona pake panali chigamba chofiira.

Sindikudziwa kuti Amayi ndinawatsitsa bwanji osawagwetsa.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Chubu cha bambo a Sharon." Ananena akusalaza shiti ndi chikhatho, ngati akunena za mtengo wa tomato. "Mphasa zinkangoola ndi mkodzo, Amayi n'kuyamba zilonda kumsanaku. Anesi anati tipeze mphira. Ndinawapempha kangapo kuti andipezere, amvekere mawa, mawa, mukuwadziwa akulu anu. Lolemba lija nditawapititsira chakudya ndinapeza kanyumba kali kotsekula, ndinangochitenga."

"Apolisi akufuna chubu chimenechi."

"Ayi, alamu, akufuna chomwe a Mose anachotsa. Kodi mukuyesa ndinawasiyira simenti yokhayokha? Ine ndingatero? Ndinawayalira pulasitiki wawo uja, wokhuthala bwino, watsopano. Ndinachita kusankha wopanda bowo, ndinamuyang'anira padzuwa." Anasiya kusalaza shitiyo. "Ndimati ndiwauze madzulo, koma Sharon anatentha thupi, ndinaiwala. A Mose akanapanda kumuchotsa pulasitikiyo, bwenzi lero bambo a Sharon ali pano akutisokosa."

Chifikireni apolisi, palibe anawafunsa kanthu alamu anga. Mkazi wamasiye anthu amangomuuza pokhala ndi nthawi yolira.

Ndinatuluka.

* * *

M'chisakasa ndinakhala pa chitini chomwe achimwene ankakhalira. Ndikakhala chete, Lolemba a Mose akwera galimoto, ana awo akulira kwa eni ku Lifuwu. Ndikayankhula, amalume athu, omwe anali atayamba kale kuyang'ana malata a nyumbayi ndi kunong'onezana za "mkazi wobwerayu", apeza chomwe ankafuna. Ndipo a Elsie adziwa. Chinkandiopsa kwambiri n'chimenecho.

Pa tebulo panali kathabwa koyesera komwe achimwene anakhomerapo mabatire, kababu ka tochi ndi timawaya tiwiri. Ndinali ndikukayang'ana pomwe chithunzithunzi chinatseka khomo.

"Mwatuluka ngati mwaona njoka pa bedi la Amayi."

"Palibe kanthu, alamu. Kutentha."

"Musandinamize m'nyumba ya maliro." Analowa, maso awo n'kutsata pomwe panali anga. "Kababu aka ndi komwe munkakuwira, inu ndi akulu anu, mpaka kudzutsa mwana. Ine ndikafunsa, amvekere, 'Mayi a Sharon, izi n'za amisiri, inu tibwerekeni gilisalini basi.' Kamayesa chiyani?"

"Tiyeni m'nyumba."

"Kamayesa chiyani, Elliot?"

Chilowereni m'banja mwathu anali asananditchulepo dzina.

Anatenga timawaya tija, kamodzi dzanja ili, kena dzanja ilo, monga ankationera pakhomo. Anatigunditsa. Kababu kanayaka. Anavula patapata wawo, n'kugunditsa timawayato pamenepo. Sikanayake. Anagwedeza mutu ngati mwana wasukulu amene wapeza yankho. Kenaka anakoka chipepala chimodzi pa chingwe, n'kuchiyala pa tebulo.

"Alamu, chonde."

Kababu kanafiira pang'onopang'ono ngati khala lopemereredwa.

"Pulasitiki sadutsa magetsi," anatero. Sankauza ine. "Mawaya onse amakutidwa ndi pulasitiki. Ngakhale mwana amadziwa."

"Uyu amadutsa."

Anachotsa kawaya. Kanazima. Anabwezera. Kanayaka. Anachotsanso, n'kubwezeranso, mpaka ndinawagwira manja. Anali ozizira ngati atuluka m'madzi.

Sanakuwe. Ndikanakonda akanakuwa.

"Adzukulu ankanena za mawondo," anatero. "Ndinawamva ndili kuseri kwa chitseko."

"Tamverani, alamu. A Zuleka sakudziwa. Bwana Fletcher akungodziwa kuti chinachokera kuno. Ndikanena kuti ndinayala ndine. Ine ndilibe mwana, ndilibe sukulu, ndilibe choti amalume andilande."

"Inu munkadziwa kuti amadutsa. Mukatero akakupachikani." Anasolola manja awo m'manja mwanga. "Akazi a Mose ali kuti ndi ana?"

"Ku Lifuwu."

"Anthu anawaswera ndi mbale zomwe?"

Anavala patapata uja. Anamasula duku, n'kulimanganso molimba. Anapinda chipepala chakudacho bwinobwino, ngodya pa ngodya, momwe amapindira zovala za Sharon, n'kuika kathabwa koyesera pamwamba pake.

"Kabwerekeni njinga. Mutengenso chubucho, a Sajeni akafuna kuona chigamba ndi maso awo."

Anayenda mpaka pakhomo la chisakasa. M'nyumba Amayi ankaitanabe Kile wawo. A Elsie anaima, katundu ali m'manja, osacheuka.

"Koma alamu," anatero, "Amayi tiwayalira chiyani?"